Gemu Yachinayi pa Chitseko

1. Mphatso ya amalume

Amalume anabwera Loweruka masana atanyamula kanthu kokulunga m'thaulo. Ntchito yawo inali yokonza mafoni, ndipo m'matumba mwawo simunkasowa tizingwe totchajira. Anapeza alongo awo, amayi a pakhomopo, ali pa makina osokera, m'chipinda chakutsogolo chomwe masana chinali shopu, madzulo n'kukhala pabalaza.

"A telala, taimitsani kaye injiniyo," anatero amalume. "Ndakubweretserani mphunzitsi wosadya, wosapempha tchuthi."

Anafunyulula thaulo lija. Munali tabuleti yakale koma yopukutidwa bwino.

M'nyumbamo munali ana awiri. Wamkulu anali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, mwana wa amayiwo. Pakhomo ankamutcha Nambawani, chifukwa chiyambire sukulu anali asanatsikepo pa nambala yoyamba. Wamng'ono anali wa zaka zisanu ndi zitatu, mwana wa mng'ono wawo wa amayi. Anabwera miyezi inayi m'mbuyomo, mayi ake atapeza ntchito kutali. Ankamutcha Kabatani, chifukwa ankatola mabatani ogwera pansi pa makina n'kumawasunga m'botolo.

Nambawani anali atapempha foni kwa zaka ziwiri. Ataona tabuletiyo anatambasula manja onse awiri. Koma amalume anaiika pamiyendo pa Kabatani.

"Iyi ndi ya uyu," anatero. "Aphunzitsi ake akuti kuwerenga kukumuvuta, masamu ndiye osanena. Iwe Nambawani mutu uli nawo kale."

Nambawani anabweza manja ake n'kuwapinda pachifuwa.

"Usakwinye nkhope, mwanawe. Iwe ndikukupatsa ntchito yaikulu kuposa. Wosankha magemu ndiwe."

2. Zimene amalume ananena

Amalume anakoka mpando, n'kukhala moyang'anizana ndi Nambawani.

"Tamvera bwino. Magemu aulere alipo ambirimbiri pa intaneti. Ena ndi abwino zedi, amaphunzitsa mwana zilembo, masamu, mayiko. Koma mawu oti ulere asakupusitse. Wopanga gemu nayenso amadya. Ngati sakufuna ndalama, nthawi zina pali china chimene akufuna. Mwina ndi maso a mwana kuti azionera malonda. Mwina ndi dzina lake ndi komwe amakhala.

"Ndiye gemu iliyonse, usanamupatse mng'ono wakoyu, uyambe wasewera wekha masiku atatu. Tsiku loyamba gemu iliyonse imakhala ya ulemu ngati mlendo. Khalidwe lake lenileni limaoneka mawa ndi mkuja. Uyang'ane ngati muli malo olemberana ndi anthu osawadziwa. Ngati alimo, ichotse, ikongole chotani. Ikafunsa nambala ya foni, chithunzi kapena dzina la sukulu, ichotse. Zotsatsa malonda zikamangotumphukira, za njuga, za anthu osavala bwino, ichotse. Ukatha zonsezo udzifunse kuti mwana akasewera theka la ola atsala ndi chiyani m'mutu. Akangotsala ndi maso ofiira, imeneyo si yathu.

"Ine mafoni a anthu ndimatsegula tsiku ndi tsiku. Ndaonapo bambo wamkulu, wandevu zake, atakhala pabenchi panga misozi ili chuchuchu chifukwa cha zimene anapeza mu foni ya mwana wake. Zonsezo zinayambira pa kagemu kokongola kaulere. Wandimva?"

"Ndamva, amalume."

Amayi anachotsa mapini amene anali pakamwa.

"Ine za magemuzi sindizidziwa, achimwene. Chizungu chake chimandizunguza mutu. Koma nsalu yatsopano sindiidula ndisanaviike kachidutswa m'madzi kuti ndione ngati isuluka. Ndi zomwezo eti?"

"Ndi zomwezo ndithu, a telala."

Amayi anatenga choko cholembera nsalu n'kupita kuseri kwa chitseko, komwe ankalembako miyeso ya makasitomala. Anafufuta pakona n'kujambulapo mzere.

"Gemu imene Nambawani wavomereza ndizilemba apa. Imene palibe pachitseko siseweredwa m'nyumba muno. Ndipo kusewera kwake ndi pompano, pafupi ndi makina, homuweki ikatha."

Kenaka anati onse atseke maso. Anapemphera mwachidule kuti chinthu chimene chalowa m'nyumbamo chibweretse nzeru, chisabweretse misozi. Amalume anavula chipewa mpaka pempherolo linatha.

3. Mayina atatu

Poyamba Nambawani anagwira ntchitoyo mokhulupirika. Anayesa magemu asanu ndi awiri, anayi n'kuwataya. Ina inkafunsa nambala ya foni usanayambe. Ina inkatulutsa malonda a njuga mphindi iliyonse. Inanso, tsiku lachitatu, inatseka njira n'kunena kuti upitirira ukalipira.

Atatu otsalawo anawaonetsa amayi. Mayina ake enieni anali aatali, achizungu, ndiye amayi sanavutike nawo. Ankangoyang'ana kachithunzi ka gemuyo n'kulemba zimene aona. Pachitseko panalembedwa "Zilembo," pansi pake "Zipatso pa sikelo," kenaka "Mapu."

Kabatani anakonda ya zipatso. Inali ya masamu, ndipo ukakhoza inkakupatsa nyenyezi. Nambawani poiyesa anapeza nyenyezi makumi anayi. Patatha milungu itatu, Kabatani anabwera akuthamanga kukhitchini.

"Achemwali, taonani. Makumi asanu ndi ziwiri. Ndakupitirirani."

"Ine ndinkangoyesa," anayankha Nambawani osatembenuka. "Ndi gemu ya makanda imeneyo."

Sizinathere pomwepo. Ntchito yowerengera amayi miyeso, yomwe kale inali ya Nambawani, tsopano Kabatani ankailanda. Kasitomala akaima manja atatambasula, Kabatani ankasuzumira pa tepi n'kutchula manambala mokweza, amayi akulemba.

"Kamwana kanzeru aka," anatero mayi wina amene anabwera kudzayesa diresi.

"Nambawani wachiwiri akubwera," amayi anayankha akuseka. "Woyambayu achenjere."

Nambawani anali pomwepo, akusita kolala ya malaya. Anaisita mpaka inayamba kununkha.

Lachisanu lotsatira ana onse awiri anabwera ndi mapepala a mayeso. Kabatani anakhoza masamu asanu ndi atatu mwa khumi. Amayi anaimitsa makina, anamunyamula ngati khanda, pepalalo n'kulikhoma pakhoma ndi pini. Nambawani anakhoza onse. Anaika pepala lake patebulo yodulira.

"Wachita bwino, mwanangu," anatero amayi, maso ali pa singano. Posakhalitsa anaponya nsalu pamwamba pa pepalalo, ndipo linakhala pomwepo mpaka Lolemba.

M'mawa wa Lolembalo Nambawani anapeza nsapato zake za kusukulu zitapolishidwa kale, zitaikidwa pakhomo pa chipinda. Mkati mwa ina munali batani lalikulu lonyezimira, lokongola kuposa onse a m'botolo muja.

"Ndakusungirani, achemwali," anatero Kabatani.

"Wakutuma ndani kugwira zinthu zanga?"

Nambawani anakutumula nsapatoyo. Batani linagubuduzika n'kukalowa pansi pa kabati. Kabatani anagwada kulifunafuna.

4. Buku ndi pensulo

Kusukulu Nambawani anali ndi mnzake amene anthu ankamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Pa nthawi yopuma Wailesi anamufotokozera za gemu ina imene ankasewera pa foni ya mkulu wake.

"Kachithunzi kake ndi buku ndi pensulo, ndiye akuluakulu amaganiza kuti ndi ya sukulu. Koma mkatimo umaveka zidole, kumanga nyumba, kucheza ndi anthu a kulikonse. Aise, ukayamba imeneyo buku sugwiranso. Ine ndatsika ndi manambala sikisi."

Wailesi anaseka. Nambawani sanaseke. Anangofunsa dzina la gemuyo n'kulilemba kuseri kwa kope.

Madzulo a tsiku lomwelo anaiika mu tabuleti. Anaitsegula kamodzi kokha. Anaona zidole, madiresi, ndi pakona kabokosi komwe mauthenga a anthu ankadutsa ngati nyerere. Anayang'ana kabokosiko kwa kanthawi. Kenaka anatseka gemuyo n'kupita nayo kwa amayi.

"Ndapezanso ina."

Amayi anakweza magalasi n'kuyang'ana kachithunzi.

"Buku ndi pensulo. Iyi ndiye ya sukulu yeniyeni. Wayesa masiku atatu?"

"Eya."

"Mulibe zija ananena amalume ako?"

"Mulibe."

Amayi anatenga choko n'kulemba mzere wachinayi pachitseko: "Buku ndi pensulo." Pobwerera anamusisita Nambawani paphewa.

"Mulungu akudalitse. Ukumusamala mng'ono wako ngati wobadwa naye mimba imodzi."

Zimene Nambawani ankafuna zinachitikadi. Nyenyezi za Kabatani zinaima pa makumi asanu ndi limodzi. Homuweki ankailemba mothamanga, zilembo zili pendapenda. Ankakhala pafupi ndi makina monga mwa lamulo, koma tabuleti ankaipendeketsa kuti iyang'ane kukhoma. Kasitomala akabwera, amayi ankaitana kawiri katatu iye osamva, mpaka Nambawani ndi amene ankagwira tepi.

Mayeso otsatira Kabatani anakhoza anayi okha. Amayi anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kulipinda, kuliika m'thumba la epuloni. Tsiku limenelo Nambawani anatsuka mbale akuimba.

5. Chimene amalume anapeza

Lamulungu masana, atabwerako ku tchalitchi, anapeza amalume atakhala pakhonde.

"Ndabwera kudzayendera mphunzitsi wanga," anatero. "Akuphunzitsa kapena akungodya magetsi?"

Analowa onse. Amalume anatenga tabuleti n'kuyamba kuona gemu imodzi imodzi, akugwedeza mutu movomereza. Atafika pa yachinayi anasiya kugwedeza. Anawerenga, chala chikutsika pang'onopang'ono. Nthabwala zonse zinawathera.

"Kabatani, uyu amene ukulemberana naye ndani?"

"Ndi mnzanga wa mu gemu. Akuti ali ndi zaka naini. Amandipatsa madiresi a zidole."

"Mwana wa zaka naini salemba chonchi." Amalume anatembenukira kwa alongo awo. "Tamvani zimene akumufunsa. Umaphunzira kuti? Umaweruka nthawi yanji? Amadzakutenga ndani? Nditumizire chithunzi utavala yunifolomu. Izi ndi za ife awiri, usauze akuluakulu."

Amayi anakhala pa mpando wa makina, dzanja lili pachifuwa.

"Gemu yake iti imeneyo?"

Amalume anawaonetsa. Koma eni gemuyo anali atasintha kachithunzi. Buku ndi pensulo panalibenso. Panali chidole cha tsitsi lalitali chitavala chisoti chachifumu.

Amayi anayang'ana chidolecho, n'kuyang'ana pachitseko.

"Iyi sindinaionepo. Pachitseko palibe chidole. Kabatani, waika wekha gemu m'nyumba muno?"

Kabatani anakweza maso n'kuyang'ana Nambawani kamodzi kokha. Kenaka anazyolika, akupotokola batani la diresi yake.

"Ndikufunsa iwe. Waika wekha?"

Misozi ya mwanayo inayamba kudontha pa diresi.

"Ndiye chifukwa chake masamu agwa," anatero amayi. "Ine ndinalonjeza mng'ono wanga kuti mwana wake ndimusunga ngati diso langa. Ukamandibisira zinthu ndili nawe chipinda chimodzi, ndikusunga bwanji? Achimwene, tabuletiyo mutenge. Ndipo ndiwaimbira mayi ake lero lomwe. Aone okha chochita. Ngati n'kumutenga, adzamutenge."

Panalibe amene ankamuyang'ana Nambawani. Akanatha kungotuluka kukatenga madzi akumwa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Amayi anatulutsa foni m'chikwama cha ku tchalitchi n'kuyamba kufufuza nambala. Kabatani anapukuta mphuno ndi dzanja.

"Pepani, amayi," anatero motsitsa. "Sindidzachitanso."

Nambawani anadzuka. Anapita pachitseko n'kuika chala pa mzere wachinayi.

"Ndi iyi, amayi. Buku ndi pensulo. Angosintha chithunzi. Ndinaika ndine."

Amayi anatsitsa foni.

"Unati wayesa masiku atatu."

"Sindinayese. Ndinatsegula kamodzi."

"Malo olemberanawo sunawaone?" anafunsa amalume.

"Ndinawaona."

"Nanga bwanji, mwanawe?"

Nambawani anayankha akuyang'ana chitseko.

"Ndinkafuna asiye masamu. Pepala lake munakhoma pakhoma. Langa munaikapo nsalu."

6. Mawu a amayi

Amayi anatseka maso, milomo ikuyenda pang'ono popemphera. Atatsegula maso anaitana Kabatani kaye. Anamukhazika pamiyendo n'kumupukuta nkhope ndi mpango wawo.

"Undikhululukire, mwanangu. Ndakuweruza ndisanamve. Koma nawenso umve. Kusenza mlandu wa mnzako pa nkhani ngati iyi si chikondi. Ukanapita kwa mayi ako, gemu ija ikanatsala ndi dzina labwino pachitseko. Munthu akakuuza kuti usauze akuluakulu, pomwepo ndi pamene uzithamanga kudzatiuza."

Kenaka anayang'ana Nambawani.

"Bwera kuno iwe. Usaime kutali ngati mlendo.

"Za pepala lako ndalakwa ndine. Ndinazolowera kuti umakhoza, mpaka ndinaleka kukuthokoza. Chimene munthu amalandira tsiku ndi tsiku amaiwala kuti ndi mphatso. Ndipempha Mulungu andikhululukire, ndipo iwenso ndikukupempha.

"Koma tamvera. Nsanje siuza munthu komwe ikumutengera. Iwe unkafuna kanthu kakang'ono, kuti mng'ono wako atsike ndi manambala angapo. Sunafune kuti munthu wachilendo adziwe sukulu yake. Koma khomo limene unatsegulira chinthu chaching'onocho ndi lomwelo walowera munthu ameneyu. Ukakhumudwa nane, bwera udzandiuze. Undikalipire kumene ngati ukufuna, ndine mayi ako, ndipirira. Koma usadzabwezerenso pa mwana amene amakupolishira nsapato iwe uli m'tulo. Iyeyu kukhoza kwake sikukuchotsera kanthu. M'nyumba muno pakhoma mpakulu, mapini ndili nawo bokosi lonse.

"Ndipo mawu ako ndinkawalemba pachitseko osafunsa kawiri. Zimenezo wazitaya wekha. Zidzabwerera, koma osati lero."

Nambawani anagwada pafupi ndi mpandowo. Kabatani anatambasula dzanja n'kumugwira chala chimodzi, chija chinali ndi fumbi la choko.

"Amalume, ichotseni gemuyo," anatero Nambawani. "Ichotseni pompano."

"Ayi, osati pano," anayankha amalume. "Tikaichotsa tafufuta umboni. Ndijambula kaye mauthenga onsewa ndi foni yanga. Tikatero timunenera kwa eni gemu, kenaka tipita nawo kupolisi ndi kwa aphunzitsi aakulu. Ndipo a telala, kuyambira lero pachitseko tizilemba dzina lenileni la gemu, likhale lalitali chotani. Chithunzi chimasintha."

"Ndamva, achimwene. Inenso ndizikhala pansi n'kuona nawo, ngakhale chizungu chindizunguze."

Amalume anagwada kuti afanane msinkhu ndi Kabatani.

"Sunalakwe, wamva? Wolakwa ndi wamkulu amene akunamiza mwana. Koma undiuze zoona zokhazokha. Chithunzi unatumiza?"

"Ayi. Kamera ikukana."

"Ndinaitseka ndine. Nanga dzina la sukulu?"

Kabatani anagwedeza mutu kuvomera.

"Chinanso?"

"Ndinamuuza kuti ndimaweruka thwelofu. Ndiye ndimakhala pageti ndekha kudikira achemwali, chifukwa iwo amaweruka mochedwa."

Amayi anamukumbatira mwamphamvu.

7. Uthenga watsopano

Amalume anali atajambula mauthenga asanu pamene tabuleti inalira m'manja mwawo. Anawerenga chamumtima, kenaka anawerenga mokweza, pang'onopang'ono.

"Mawa ukaweruka undidikire pageti. Ndakugulira chidole chenicheni. Usauze munthu."

Nambawani anaimirira.

"Ndikaima pageti ndine. Ndituluka m'kalasi isanakwane thwelofu. Ndinayambitsa ndine, ndikamuona ndine."

"Khala pansi," anatero amalume. "Mwana saima pageti kudikira munthu wotere. Imeneyo ndi ntchito ya apolisi ndi ife akuluakulu, ndipo ine ndikupita konko tsopano lino. Kabatani mawa pageti safikapo. Iwe ntchito yako ndi ina. M'mawa tonse tipita kusukulu. Ukalowa nafe mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, ndipo ukafotokoza ndi pakamwa pako mmene gemuyi inalowera m'nyumba muno. Pali ana ena pasukulupo amene akuisewera. Ukanena zimene ukudziwa, kuti makolo awo auzidwe."

Nambawani anakhalanso pansi. Aphunzitsi aakuluwo ndi amene teremu iliyonse ankamuitana kutsogolo kwa sukulu yonse, n'kuuza ana ena kuti azitengera chitsanzo chake.

"Ndikanene zonse? Ndi chifukwa chake chomwe?"

"Akakufunsa, ukanene," anayankha amayi.

Nambawani anayang'ana Kabatani, amene anali atamugwirabe chala.

"Ndikanena."

Amalume anavala chipewa n'kukulunga tabuleti kuti anyamuke. Asanafike pakhomo inaliranso. Anaima, n'kuifunyulula. Panali mzere umodzi wokha.

"Ndaona kuti wawerenga. Bwanji sukuyankha?"